Njanji Imene Inalambalala Zomba

Sitima ya pamtunda ilibe chiongolero monga galimoto. Iyo ingotsata njanji. Pamphambano, pamene njanji imodzi igawanika pawiri, pamakhala zitsulo ziwiri zosongoka zimene zimasuntha. Wantchito akakoka mpini wake, zitsulozo zimatsamira kumanja kapena kumanzere, ndipo mawilo a sitima amalowera komweko. Poyamba ntchitoyi inali ya manja okhaokha. Masiku ano m'maiko ambiri zitsulozi zimasunthidwa ndi magetsi munthu ali patali, ngakhale pa tinjanji tamasewera ta m'nyumba. Koma asanaike chopatutsira chilichonse, akuluakulu amayamba asankha kumene njanji idzapite. Pa kusankha kumeneko mzinda wa Zomba unatsala.

Zomba anakhala likulu la Boma m'chaka cha 1891, m'masiku a Harry Johnston. Malowo anali okoma, a madzi ambiri otsika m'phiri, monga a mtsinje wa Mulunguzi. Koma malonda anali ku Blantyre, kumene kunali sitolo za Mandala ndi minda ya Azungu. Chifukwa cha ichi njanji yoyamba, imene inatsegulidwa mu 1908, inachokera ku Port Herald, kumene lero ndi ku Nsanje, nkukathera ku Blantyre. Katundu wa Boma anali kutsitsidwa ku Limbe, nayenda mamailosi ngati 40 pamsewu kuti afike ku Zomba, poyamba pamitu ya amtengatenga ndi pangolo, pambuyo pake pamalole.

Mu 1935 njanji inafika ku Salima, kufupi ndi nyanja. Sitima yolemera siikwera chitunda mosavuta, ndipo phiri la Zomba litalika mamita oposa 2,000. Motero omanga anatsikira m'chigwa cha Shire, kumadzulo kwa phirilo, nadzera ku Balaka.

Mu 1970 inatsegulidwa njanji yopita ku doko la Nacala ku Mozambique. Mphambano yake anaiika pa Nkaya, kumwera kwa Balaka. Pamenepo zitsulo zija zimapatutsira sitima kummawa, niwoloka Shire pa Liwonde, nidzera kumpoto kwa nyanja ya Chilwa mpaka ku Nayuchi. Apanso Zomba anangotsala pambali. Patapita zaka zisanu, mu 1975, likulu linasamukira ku Lilongwe, ndipo njanji inafika kumeneko mu 1979.

Kwa zaka 84 Zomba anali likulu, ndipo malamulo a dziko lonse anali kulembedwa m'tsinde mwa phiri lake, koma mluzu wa sitima sunamvekepo m'mzindamo. Njanji inatsata fodya, tiyi ndi thonje, ndiponso nthaka yosalala, osati maofesi a Boma. Kufikira lero munthu wa ku Zomba wofuna kuona sitima ayenera kutsikira ku Liwonde, kumene sitima zazitali za malasha a ku Moatize zimadutsa polowera ku Nacala.