Michopo

Michopo ndi nyama yootcha yoduladula imene imagulitsidwa pakhomo pa mabala ndi m'misika ya ku Zambia, makamaka dzuwa likapendeka. Nyama yake yeniyeni ndi ya mbuzi, ngakhale kuti ng'ombe, nkhumba ndi nkhuku nazo zimaotchedwa. Chakudyachi n'chotchuka kwambiri ku Copperbelt ndi kutsidya kwa malire, ku Lubumbashi m'dziko la Congo, koma chinafalikira mpaka ku Lusaka ndi ku Kafue. Mmalawi akachiona amati ndi kanyenya, ndipo salakwitsa kwenikweni.

Wootcha amayala nyama pa waya kapena pa chiwaya, pansi pali mbaula ya makala. Luso lonse lagona pa moto. Ukakhala wa malawi, nyama imapserera kunja m'kati mukadali magazi. Ukazilala, imauma n'kulimba ngati chikopa. N'chifukwa chake odziwa ntchito amadikira makala ayake bwino, ndipo sachotsa mafuta onse, poti ndi amene amafewetsa nthuli. Wogula amaloza yekha pamene akufuna, nthawi zina atalawa kaye kachidutswa. Kenako nyamayo imadulidwa pathabwa, n'kuwazidwa mchere ndi tsabola, pambali n'kuikapo anyezi wosaphika ndi tomato. Foloko safunika. Mbale imodzi amaizungulira anthu atatu kapena anayi, aliyense akutola ndi zala kapena ndi kamtengo kotokosera m'mano. Mchere ndi tsabolayo zimautsa ludzu, kotero mwini bala sadandaula wootcha akaika mbaula pakhomo pake: mowa wa Mosi ndi Castle umayenda msanga.

Tawuni ya Kafue ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 45 kumwera kwa Lusaka, m'mbali mwa mtsinje wa Kafue. Dera la Kafue Estates linamangidwa boma la Kenneth Kaunda litasankha tawuniyi kukhala ya mafakitale, ndipo m'nyumba zake munkakhala ogwira ntchito ku Nitrogen Chemicals of Zambia, fakitale ya feteleza imene inayamba ntchito mu 1970, ndi ku Kafue Textiles, yopanga nsalu. Anthuwa anachokera m'zigawo zosiyanasiyana, ndipo ndalama yawo inkabwera kutha kwa mwezi. Malonda a mowa ndi nyama ankatsatira kalendala yomweyo. Mafakitale atayamba kufooka m'zaka za m'ma 1990, ambiri anachotsedwa ntchito, ndipo geni yaing'ono ndiyo inatsala yodyetsa mabanja. Kuotcha nyama sikulira mpamba waukulu: mbaula, mpeni, thabwa ndi mwendo wa mbuzi. Msewu waukulu wopita ku Livingstone ndi kumalire a Chirundu umadutsanso m'tawuniyi, choncho oyendetsa mathiraki ndi ena mwa ogula. Pali mpikisano umodzi wokha umene mbuzi imavutika nawo ku Kafue, ndiwo wa nsomba ya bream yokazinga, koma usodzi umatsekedwa kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale.

Mabala a maiko ena nawo ali ndi chakudya chawochawo. Ku Australia ndi chicken parmigiana: chidali cha nkhuku chosalazidwa, chopakidwa nyenyeswa za buledi n'kukazingidwa, pamwamba pake msuzi wa tomato ndi tchizi chosungunuka, pambali tchipisi ndi saladi. Chinayambira kwa anthu a ku Italy amene anasamukira ku America, potengera mabiringanya ophikidwa mwanjira yomweyo kum'mwera kwa dziko lawo. Icho chimafuna khitchini, uvuni ndi mbale ya munthu mmodzi. Michopo imapsa panja wogula akuona, ndipo woidya yekha amaoneka womana.

Vuto la michopo ndi ukhondo. Nyama imakhala panja maola ambiri, madzi osamba m'manja nthawi zina ndi a m'beseni limodzi. Kolera itabuka ku Lusaka kumapeto kwa 2017, boma la Edgar Lungu linatumiza asilikali kukayeretsa mzinda ndipo linaletsa kugulitsa zakudya m'misewu. Mbaula zambiri zinazima kwa kanthawi. Chilala cha 2024 chinabweretsa mavuto ena. Madzi atachepa m'damu la Kariba magetsi ankathima maola ambiri patsiku, mafiriji a m'mabutchala anasiya kudalirika, ndipo makala anakwera mtengo chifukwa khomo lililonse linkawafuna.