Shehe, Kompyuta ndi Mafuta a Kanjedza

M'Chisilamu ndalama siibereka ndalama inzake. Chiwongoladzanja, chimene m'Chiarabu amati riba, n'choletsedwa, kaya n'chochepa ngati cha kubanki kaya cholusa ngati katapila wathu uja. Phindu lololedwa ndi lochokera pa malonda enieni. Tsono funso limene landikhala pamtima ndi ili: amalondera ndani kuti banki ikutsatadi lamuloli?

Mu 1963 Ahmad El-Naggar anatsegula nyumba yosungitsako ndalama popanda chiwongoladzanja ku Mit Ghamr, m'dziko la Egypt. Mu 1975 kunabadwa Dubai Islamic Bank. Pang'ono ndi pang'ono panakhazikika mwambo woti banki yotere izikhala ndi bwalo la mashehe odziwa Sharia, oti aziwunika pangano lililonse lisanafike kwa anthu. Koma bwalo lililonse linkaweruza palokha, ndipo malipiro a mashehewo ankachokera kubanki komweko. Pofuna muyezo umodzi, mu 1991 ku Bahrain kunakhazikitsidwa bungwe la AAOIFI, ndipo mu 1997 banki yaikulu ya Malaysia inakhazikitsa bwalo la dziko lonse.

Kenaka inalowerera kompyuta. Mu August 2009 msika wa Bursa Malaysia unatsegula Bursa Suq Al-Sila', msika wa pakompyuta wogulitsirapo katundu monga mafuta a kanjedza. Zimayenda chonchi: inu mukufuna ndalama lero. Banki imagula mafuta, n'kukugulitsani pa ngongole pamtengo wokwererapo. Inu mumawagulitsa pompo, ndalama n'kulowa m'thumba. Njirayi amaitcha tawarruq. Zonsezi zimatha m'kanthawi kochepa, mafutawo ali phee m'thanki, osawaona n'komwe.

Chonsecho miyezi inayi m'mbuyo mwake, mu April 2009, akadaulo a International Islamic Fiqh Academy atakumana ku Sharjah anali atagamula kuti tawarruq yokonzeratu ndi banki njoletsedwa, poti ndi riba yovala mkanjo wa malonda. Mashehe a ku Malaysia anaona mwina: malinga katunduyo alipodi, ndipo umwini ukuchoka m'manja kupita m'manja motsatana bwino, malondawo ngoona.

Ine ndikuona kuti apa ndi pamene ntchito ya shehe inasinthira. Kale ankawerenga pepala basi. Lero ayenera kufunsanso kuti: kodi makinawa sakugulitsa mafuta banki isanawagule? Kodi thanki imodzi siikugulitsidwa kwa anthu awiri nthawi imodzi? Kompyuta imasunga mbiri ya malonda alionse ndi nthawi yake, chinthu chimene kalaliki wa ku Mit Ghamr sakanachilota. Koma imangotsata zimene aiuza. Siingadziwe ngati wogulayo ankafunadi mafuta kapena ndalama.

Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Msilamu amene wasungitsa ndalama zake pokhulupirira chidindo cha mashehe ali ndi ufulu wofunsa ngati mashehewo anaung'amba mkuyuwo, kapena anangoona kufiira kwa kunja.