Lizulu: Msewu Umene Uli Malire

Mwezi wa Okutobala ukafika, dzuŵa likamaswa mtengo, anthu ambiri a ku Lilongwe amalunjika kunyanja kukasambira, kutsikira njira yokhotakhota ya Khwekhwerere mpaka ku Golomoti. Ena amayamba aima pa Lizulu kugula mbatatesi ndi kabichi, pamene kamphepo ka m'mapiri kamaomba ngakhale m'chilimwe.

Wogulayo akangodumpha msewu, waponda kale dziko la Mozambique. Malire ameneŵa anachokera m'pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la chaka cha 1891, limene linadula Angoni a Maseko paŵiri popanda kuwafunsa.

M'chaka cha 1953 malire omwewo anasanduka pothaŵira. Inkosi ya Makosi Philip Gomani II, amene likulu lao linali pa Lizulu pomwepo, anakana Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, nauza anthu ao kuti aleke kumvera malamulo a boma a zaulimi. Boma linawachotsa pampando. Apolisi atabwera kudzawatenga, mfumuyo, ili chidwalire, inathaŵira kwa Apwitikizi pamodzi ndi Mbusa Michael Scott. Koma Apwitikizi anaibweza m'manja mwa Angerezi. Gomani anamwalira m'chaka cha 1954, asanabwezeredwe ufumu wao.