Msonkho wa Opita Paselefu

Kwathu kwa Njewa ukanena kuti agogo ako anapita ku Joni, akuluakulu amafunsa kuti, "Anapita pa Wenela kapena paselefu?" Wa Wenela anali m'kaundula wa kampani yolemba anthu a kumigodi. Wa selefu ankadziyendera yekha wapansi, wopanda chitupa, kudzera ku Tete ndi ku Salisbury mpaka kuoloka Limpopo.

Chomwe chinkamudzutsa m'mudzi ndi msonkho. Kuyambira m'ma 1890 boma la Atsamunda linkakhometsa msonkho wa nyumba, ndipo pofika 1902 yemwe sanagwire ntchito mwezi umodzi kwa Mzungu ankalipira mashiling'i 6 m'malo mwa 3. Fodya wa Barron anafika ku Mbabzi mu 1920, koma sanakwanire onse. Mu 1913 South Africa inali italetsa migodi kulemba anthu ochokera kumpoto kuno, popeza ambiri ankafa ndi chibayo. Chiletsocho sichinamange miyendo ya munthu. Chinangomusandutsa wophwanya lamulo. Komiti ya Lacey mu 1935 inayerekeza kuti amuna a ku Nyasaland pafupifupi 120,000 anali kunja.

Wopanda chitupa sakangana pa malipiro, chifukwa bwana akaitana apolisi nkhani yatha. Ambiri otere ankathera m'mapulazi olipira pang'ono kusiyana ndi migodi. Mu 1952 Henry Nxumalo anaulula m'magazini ya Drum nkhanza za m'minda ya mbatatesi ku Bethal, komwe alendo a kumpoto analinso m'gulu la olima.

Apa ndi pomwe ine ndimadabwa ndi mabuku athu a mbiri. Amaŵerenga bwino ndalama za Wenela, poti gawo la malipiro linkasungidwa n'kudzalandiridwa kuno kwathu, boma likuona. Amatchulanso ngozi ya ndege ya ku Francistown ya 1974, yomwe inachititsa Dr Banda kuimitsa Wenela. Koma wa selefu sapezeka m'masamu ameneŵa, ngakhale kuti nyumba yake ku Nsaru kapena ku Kabudula sinachoke m'buku la msonkho. Mesenjala sankafunsa kuti mwamuna anaoloka bwanji malire. Ankafuna mashiling'i basi. Ndalamayo inkabwera itamangidwa m'kansalu, m'thumba la mnzake wobwerera kumudzi. Ikachedwa, kapena mwamunayo akachona, yemwe ankagwidwa kutengeredwa ku boma anali mkazi wake.