Mbiri ya Mpikisano wa Mahatchi

Kalekale

Ambirife hatchi tinangoiona pa chithunzi. Kuno kwathu mahatchi sanachuluke chifukwa kashembe ndi matenda ena ankawapha. Koma kumaiko ena, anthu akhala akuthamangitsa mahatchi kwa zaka zoposa 2,500.

Ku Greece, mpikisano wa magaleta okokedwa ndi mahatchi anayi unalowa m'masewera a Olympic m'chaka cha 680 Yesu asanabadwe. Mphoto inkapita kwa mwini mahatchi, osati kwa woyendetsa amene ankaika moyo wake pachiswe. Ku Rome, magulu opikisana ankadziwika ndi mtundu wa zovala zawo: ofiira, oyera, obiriwira ndi abuluu. Ochemerera ankafika pomenyana, monga achitira okonda mpira lero.

Mphongo zitatu

Mpikisano wa masiku ano unakulira ku England. Zaka pafupifupi 300 zapitazo, Angelezi anabweretsa mahatchi atatu amphongo ochokera kummawa. Mayina awo anali Byerley Turk, Darley Arabian ndi Godolphin Arabian. Darley Arabian inagulidwa ku Aleppo, m'dziko la Syria, ndipo inafika ku England mu 1704.

Mphongozi anazikweretsa ndi mahatchi aakazi a ku England. Ana ake anabadwa a miyendo italiitali ndi aliwiro. Mtundu umenewu umatchedwa Thoroughbred. Mu 1791, James Weatherby anayamba kusindikiza buku lolemba makolo a mahatchiwa, ndipo kalemberayu akupitirira mpaka lero. Mukatsata mzere wa bambo wa hatchi iliyonse ya mtunduwu, mudzafika kwa imodzi mwa mphongo zitatu zija. Anthu ambiri sitidziwa dzina la agogo a agogo athu. Koma hatchi ili nalo m'buku.

Ufalikira padziko

Mu 1780 unayamba mpikisano wa Derby ku Epsom, ku England. Kulikonse kumene Angelezi ankapita, ankalambula bwalo la mahatchi.

Ku Australia, Melbourne Cup inayamba mu 1861. Imachitika Lachiwiri loyamba la Novembala, ndipo ku Melbourne tsikuli ndi la tchuthi. Ku South Africa, Durban July inayamba mu 1897, pa bwalo la Greyville. Kumeneko anthu amapikisananso pa kutchena. Ku Harare kuli bwalo la Borrowdale Park.

Ku America, Kentucky Derby inayamba mu 1875. Hatchi yoyamba kupambana inali Aristides, ndipo woikwera anali Oliver Lewis, mnyamata wakuda. Pa okwera 15 a tsikulo, 13 anali akuda. Ambiri mwa anthuwa anaphunzira ntchito ya mahatchi m'makola a nthawi ya ukapolo. Ndalama zitachuluka mumpikisano, azungu anawakankhira kunja. Nkhani imeneyi sikambidwa kawirikawiri.

Wokwera

Hatchi ya mpikisano imalemera makilogalamu pafupifupi 500. Woikwera amakhala munthu wochepa thupi, wolemera ngati thumba limodzi la chimanga ndi pang'ono pamwamba. Asanakwere amamuika pa sikelo atanyamula chishalo chake. Akapepuka kwambiri, amamuwonjezera tizitsulo tamtovu. Akamaliza amamuyezanso, kuti pasakhale chinyengo.

Pothamanga sakhala pansi. Amanjuta, mawondo m'mwamba, nkhope pafupi ndi khosi la hatchi. Liwiro limafika makilomita 60 pa ola. Akagwa pamenepo, mahatchi ena akubwera pambuyo. Nayo hatchi ikathyoka mwendo, nthawi zambiri amangoipha, chifukwa fupa lake silichira msanga nyama italemera choncho.

Ndalama

Kentucky Derby imatha m'mphindi ziwiri zokha. Nanga n'chiyani chimasonkhanitsa khamu lonselo? Ena amakondadi mahatchi. Koma tisanamizane, ambiri amabwerera kubetcha. Munthu amasankha hatchi, n'kuikapo ndalama. Ikapambana amalandira zochuluka, ikalephera zake zapita. Eni mahatchi nawo amasaka mphoto. Saudi Cup, imene inayamba mu 2020, ili ndi mphoto zokwana madola 20 miliyoni.

Ku Mongolia

Ku Mongolia zinthu n'zosiyana. Pa chikondwerero cha Naadam, mwezi wa Julayi, mahatchi sazungulira bwalo. Amathamanga m'chidikha cha udzu, mtunda wopitirira makilomita 20 kwa mahatchi aakulu. Okwera ake ndi ana, anyamata ndi atsikana, chifukwa ngopepuka.

Fumbi likaoneka chapatali, anthu amathamangira kumalire. Amalimbirana kugwira thukuta la hatchi yopambana, pokhulupirira kuti limabweretsa mwayi. Pa mpikisano wa mahatchi a zaka ziwiri, yomalizira nayo saiiwala. Amaiimbira nyimbo, kuifunira kuti chaka chamawa idzafike poyamba.