Mbiri ya Ntchito Yosindikiza Mabuku ku Nkhoma

Munthu akapitirira pa Nathenje n'kukhota pa Kamphata, amafika patsinde pa phiri la Nkhoma. Kumeneko ndiko kunachokera ena mwa mabuku oyamba amene anthu a ku Nathenje, Mitundu ndi midzi yozungulira anaphunziriramo kuwerenga chinenero chawo.

Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed anayamba ntchito yawo ku Mvera m'chaka cha 1889, ndipo mu 1896 anatsegula mishoni ya Nkhoma m'dera la Mfumu Mazengera. Sukulu za m'midzi zitachuluka, mabuku anasowa. Choncho amishoniwo anabweretsa makina osindikizira, naphunzitsa eni dziko luso limeneli.

Lusoli linayambira kutali. Cha m'ma 1455, Johannes Gutenberg wa ku Mainz anasindikiza Mabaibulo pafupifupi 180 okha pogwiritsa ntchito zilembo zachitsulo. Njira yomweyo ndiyo inafika kuno. Mmisiri ankatola zilembo chimodzichimodzi ndi kuzindandalika chobwerera m'mbuyo, kuti papepala zituluke zolunjika. Tsamba likakwana ankalimanga m'chimango, kulipaka inki, ndi kudinda pepala loyesera kuti akonze zolakwika. Akatha kusindikiza ankamasula zilembo zija kuti azigwiritsenso ntchito. N'chifukwa chake buku likatha pamsika, kulisindikizanso kunali kuyambiranso ntchito yonse.

Kusindikiza kukatha, ntchito inkapita kwa omanga mabuku. Pepala lalikulu akalipinda katatu linkatulutsa masamba 16. Timagulu ta masamba timeneti ankatisanja mwandondomeko, kutisoka ndi ulusi, kutimata kumsana ndi guluu, ndi kudula m'mbali kuti musalale. Pomaliza ankaveka chikuto cha katoni yolimba yokutidwa ndi nsalu kapena chikopa, nadindapo dzina la buku. Buku losokedwa chotere limatseguka bwino ndipo masamba ake sathothoka msanga.

Ntchito zazikulu kwambiri zinkapitabe kunja. Buku Lopatulika, limene William Murray anatsogolera polimasulira mothandizana ndi aphunzitsi a kuno, linasindikizidwa ku Ulaya ndipo linatuluka mu 1922. Koma kukhalapo kwa mabuku kunabala alembi. Samuel Josiah Nthara, mphunzitsi wa mishoni yomweyi, anapata mphotho mu 1933 ndi buku lake la Nthondo, ndipo pambuyo pake analemba Mbiri ya Achewa.

Masiku ano makompyuta analanda malo a zilembo zachitsulo. Mabuku akale aja anasindikizidwa owerengeka, ndipo adani ake ndi chiswe, chinyontho ndi kusasamala kwa eni ake. Limodzi likawonongeka m'sutikesi ya agogo, mawu ndi mbiri ya makolo zimatayikira pomwepo. Wophunzira amene angapeze buku lotere kwawo alipukute fumbi, alisunge pouma, ndipo aliwerenge.