Manambala a ku Namitete ndi anthu owatanthauzira: mbiri ya maphunziro a biostatistics m'Malawi

M'chaka cha 2008, chipatala cha St Gabriel's ku Namitete chidagawa mafoni a m'manja kwa anthu odzipereka 75 omwe ankayendera odwala m'midzi. Ganizoli lidabwera ndi Josh Nesbit, wophunzira wa pa yunivesite ya Stanford ku America, ndipo mauthenga onse ankafikira pa kompyuta imodzi ya pachipatalapo kudzera mu pulogalamu ya FrontlineSMS. Wodzipereka akapeza wodwala TB yemwe wasiya kumwa mankhwala, ankangotumiza uthenga m'malo mopalasa njinga mtunda wautali. Lipoti la miyezi 6 yoyamba lidati ogwira ntchito adapulumutsa maola oposa 2,000 omwe akadathera panjira, ndipo odwala TB omwe chipatala chinkawathandiza adachuluka kuwirikiza kawiri. Bungwe la Medic Mobile lidachokera pa ntchito imeneyi.

Nkhaniyi idamveka kutali, ndipo m'pake. Komabe munthu yemwe adaphunzira biostatistics akaiwerenga sachedwa kufunsa: kodi odwalawo adachuluka chifukwa cha mafoni okha, kapena padali chinanso chomwe chidasintha miyezi yomweyo? Kafukufukuyu adayerekeza zakale ndi zatsopano pa chipatala chimodzi, popanda dera lina loyerekezera nalo. Kufunsa chonchi si kupeputsa ntchito ya odziperekawo. Biostatistics ndi masamu ounikira manambala a zaumoyo, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kusiyanitsa chomwe chachitikadi chifukwa cha chithandizo ndi chomwe changochitika mwangozi. Mwachitsanzo, ngati pa chipatala chaching'ono chaka chatha padamwalira ana awiri ndipo chaka chino anayi, wina akhoza kunena kuti imfa zawirikiza kawiri. Wa biostatistics amayamba wafunsa kuti ana obadwa adali angati, komanso ngati kusiyana kotereku sikungachitike mwa iko kokha.

Malawi adayamba kusonkhanitsa manambala kale kwambiri asadakhale ndi anthu okwanira owatanthauzira. Kalembera woyamba dziko litalandira ufulu adachitika mu 1966. Alangizi a zaumoyo omwe lero amalemba m'makaundula a sikelo ku Nsaru, ku Mpingu ndi ku Nambuma ndi olowa m'malo a anthu omwe ankabaya katemera wa nthomba m'zaka za m'ma 1960, ndi ena omwe adalembedwa ntchito kolera atabuka mu 1973. Kuwerenga anthu kudali mbali ya ntchito yawo kuyambira pachiyambi.

Kafukufuku wamkulu yemwe adaonetsa mphamvu ya masamuwa adachitikira ku Karonga. Ntchito yofufuza za khate idayamba kumeneko mu 1979, ndipo pakati pa 1986 ndi 1989 anthu oposa 120,000 adalowa m'kafukufuku wa katemera wa BCG. Zotsatira zomwe zidatuluka mu 1996 zidaonetsa kuti kubaya BCG kachiwiri kumachepetsa khate ndi pafupifupi theka, koma sikuteteza ku TB ya m'mapapo. Palibe dokotala, ngakhale wochenjera bwanji, yemwe akadaona zimenezi pongoyang'ana odwala obwera kuchipatala kwake. Padafunika anthu ochuluka chotero, kuwagawa m'magulu mwamaere, ndi kuwatsatira kwa zaka. Koma ukadaulo wotsogolera kafukufukuyu unkachokera ku London School of Hygiene and Tropical Medicine, chifukwa pomwe anthuwa ankabayidwa katemera Malawi adalibe ngakhale sukulu yake ya madokotala. College of Medicine idatsegulidwa mu 1991, ndipo digiri ya masitazi ya zaumoyo wa anthu, ya MPH, idayamba kumeneko mu 2003.

Pa zaka zimenezi manambala adapitirira kuchuluka. Kafukufuku wa dziko lonse wa MDHS, yemwe amayendetsedwa ndi ofesi ya National Statistical Office ku Zomba, adapeza mu 1992 kuti pa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asadakwanitse zaka 5. Wa mu 2015 mpaka 2016 adapeza 63. Ziwerengero ziwirizi sizichokera pa kuwerenga mwana aliyense m'dziko. Zimachokera pa mabanja osankhidwa mwa ndondomeko, ndipo kasankhidweko kakalakwika, dziko lonse limakonza mapulani pa bodza.

Boma la Lilongwe nalo lidakhala bwalo la kafukufuku wotere. Ntchito ya MaiKhanda, yomwe idachitika ku Lilongwe, Kasungu ndi Salima, idagawa mwamaere madera athunthu osati munthu mmodzimmodzi: kwina magulu a amayi m'midzi, kwina kukonza kagwiridwe ka ntchito m'zipatala, kwina zonse ziwiri, kwina ayi. Zotsatira za mu 2013 zidati komwe kudali zonse ziwiri imfa za makanda zidatsika ndi 22 pa 100 iliyonse. Kugawa madera kuli ndi vuto lake: anthu a mudzi umodzi amamwa pa mjigo umodzi ndipo amapita ku chipatala chimodzi, choncho amafanana, ndipo wowawerenga ngati anthu osadziwana amadzinamiza kuti ali ndi umboni wochuluka kuposa womwe ali nawo. Katemera wa malungo wa RTS,S adayesedwanso mu Lilongwe pakati pa 2009 ndi 2014 kudzera ku UNC Project, asadayambe kuperekedwa kwa ana m'Malawi pa 23 Epulo 2019.

Kusintha kwenikweni pa maphunziro kudabwera mochedwa. Nthambi ya masamu ku Chancellor College, komwe lero ndi University of Malawi, idatsegula digiri ya masitazi ya biostatistics, ya zaka ziwiri: maphunziro a m'kalasi, kenako kafukufuku wa wophunzira mwini. Ndondomeko ya DELTAS Africa itakhazikitsidwa mu 2015 ndi thandizo la Wellcome Trust, padabadwa mgwirizano wa mayunivesite a mu Africa wotchedwa SSACAB, womwe cholinga chake ndi kuphunzitsa akatswiri a biostatistics pa masitazi ndi PhD. Yunivesite ya Malawi ili m'gululi, ndipo woutsogolera ndi Mmalawi, Pulofesa Tobias Chirwa wa ku yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg.

Lero wofuna maphunzirowa ali ndi njira zingapo, koma sizifanana. Ya ku Zomba imafuna munthu yemwe digiri yake yoyamba ili ndi masamu okwanira, ndipo apa m'pamene anamwino ndi madokotala ambiri amagwa mphwayi. Kwa iwo khomo lapafupi ndi Kamuzu University of Health Sciences, yomwe idayamba ntchito mu 2021 College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zitaphatikizana. Kumeneko MPH ndi masitazi ya epidemiology zimaphunzitsa biostatistics ngati gawo limodzi la maphunziro. Womaliza MPH amatha kuwerenga kafukufuku ndi kuona pofooka pake, koma si iye woyenera kuwerengera kuti kafukufuku wa katemera afunika ana angati, ndipo olemba ntchito amalakwitsa akamayesa awiriwa ndi munthu mmodzi. Kunja kuli Witwatersrand, Stellenbosch ndi KwaZulu-Natal ku South Africa, komanso masitazi ya chaka chimodzi ku London, komwe ambiri amafika pokhapokha atapeza thandizo ngati la Commonwealth kapena la Beit Trust. Mlangizi wa zaumoyo wa satifiketi ya MSCE ayenera kuyamba ndi digiri yoyamba. Njira yachidule palibe.

Ophunzira ambiri a masitazi salowa m'midzi kukasonkhanitsa manambala awoawo, chifukwa ndalama sizilola. Amatenga a MDHS, kapena a mu DHIS2, nkhokwe ya pakompyuta yomwe Unduna wa Zaumoyo udayamba kugwiritsa ntchito mu 2012, n'kuwaunika ndi mapulogalamu ngati R ndi Stata. Manambala a mu DHIS2 ndi omwe aja a m'malipoti a pamwezi ochokera ku Kabudula ndi ku Nsaru. Bokosi likasiyidwa losalemba, wophunzira wa ku Zomba alibe njira yodziwira ngati mwezi umenewo kudalibe wodwala, kapena kaundula adatha, kapena wolemba adali kumaliro.